Makoko a ku India ndi Mimba za ku Mkaika

Supuni ya ufa wa psyllium ikagwera m'kapu ya madzi, poyamba imangoyandama pamwamba, yotuwa, yopepuka, yopanda fungo lenileni. Munthu akavundula n'kudikira mphindi ziwiri kapena zitatu, madzi aja amayamba kulemera. Pakatha mphindi 10, supuni imatuluka ikukoka ulenda, ndipo kapu yonse yasanduka chinthu choterera chimene mayi aliyense wa ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia, angachizindikire msanga, pakuti n'chimodzimodzi therere la denje likapsa. Mphamvu yonse ya mankhwalawa, ubwino wake ndi kuopsa kwake komwe, ili mu ulenda umenewo.

Psyllium ndi makoko a njere za kambewu kotchedwa Plantago ovata, kakafupi, kokonda dothi lamchenga ndi nyengo yozizira yopanda mvula. Pafupifupi yense amene amagulitsidwa padziko amachokera ku India, m'zigawo za Rajasthan, Gujarat ndi Madhya Pradesh. Alimi a kumeneko amadzala cha mu Novembala n'kukolola mu Malichi kapena Epulo, ndipo amaopa mvula ya pa nthawi yokolola kuposa china chilichonse, chifukwa njere zikangonyowa zimatupa zili m'munda n'kuwonongeka. Msika waukulu wa mbewuyi uli m'tauni ya Unjha ku Gujarat, ndipo m'dera lomwelo muli zigayo zimene zimasupula makoko n'kuwapeta. Gujarat yemweyo ndi kwawo kwa makolo a amwenye ambiri amene anayamba kufika ku Fort Jameson, Chipata wa lero, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 n'kutsegula masitolo. Kwawoko makokowa amawatcha isabgol, ndipo ndi mankhwala a pakhomo kuyambira kale: wodzimbidwa amamwera madzi kapena mkaka, wotsegula m'mimba pang'ono amasakaniza ndi mkaka wowawasa. Ku America anayamba kuwagulitsa mu 1934 ndi dzina lakuti Metamucil, ndipo ku Britain amadziwika kuti Fybogel, timapaketi ta magalamu 3.5. Masiku ano dzina lake likuyenda pa Facebook, TikTok ndi WhatsApp, pamodzi ndi malonjezo akuti amatsuka matumbo, amaphwetsa mimba, amachiza shuga. Foni ikafika ku Kagoro kapena ku Vubwi, malonjezowo amafikanso.

Funso lakuti kodi makokowa amathandizadi n'loyenera kulifunsa mosachita manyazi, ngakhale nkhani ya chimbudzi siyikambidwa pagulu. Kudzimbidwa kulipo m'midzi ndi m'matauni omwe. Mayi woyembekezera amene akumwa mapilitsi owonjezera magazi a kusikelo amakudziwa bwino. Agogo amene mano anatha ndipo amangodya phala ndi tiyi amakudziwa. Dalaivala wa thiraki amene amaima pa Katete popita ku Chanida, amene wakhala pampando tsiku lonse akudya mabanzi, tchipisi ndi zakumwa za m'botolo, amakudziwa. Ngakhale pa Kulamba, Loweruka lomaliza la Ogasiti, pamene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika, likulu la Kalonga Gawa Undi, alendo ambiri amamwa madzi ochepa dala n'kumadzigwira poopa mizere ya kuzimbudzi, ndipo mimba zimadzalankhula atabwerera kwawo.

Kuti munthu amvetse chimene psyllium amachita, ayenera kudziwa kaye kuti fayiba, gawo la zomera limene mimba ya munthu siligaya, sali wa mtundu umodzi. Pali wina wokhakhala amene sasungunuka m'madzi, wopezeka m'gaga, m'makoko a nyemba ndi m'mitsitsi ya masamba. Ameneyu amakanda khoma la matumbo, matumbowo n'kutulutsa madzi ndi kufulumiza ulendo. Pali winanso wosungunuka, ndipo wambiri wa mtundu umenewu amadyedwa ndi tizilombo tabwino tokhala m'matumbo aakulu. Tizilomboto timapindula, thupi limapindulanso, koma fayibayo amatha asanafike kumapeto, ndipo amasiya mpweya wambiri. Psyllium ndi wachilendo pakati pa onsewa. Amasungunuka n'kukhala ulenda, koma tizilombo sitimudya kwenikweni, choncho ulendawo umayenda wathunthu kuchokera kukhosi mpaka kutuluka, utagwirira madzi ake. Chimbudzi chouma chimafewa chifukwa madzi sakuyamwidwa onse. Chimbudzi chamadzi chimagwirana chifukwa ulenda womwewo wamwa madzi otayirira. N'chifukwa chake mankhwala amodzi amatchulidwa pa mavuto awiri ooneka ngati otsutsana.

Pa kudzimbidwa umboni ndi wabwino. Mu 2023 mabungwe awiri a madokotala a m'mimba ku America, American Gastroenterological Association ndi American College of Gastroenterology, anatulutsa malangizo a kudzimbidwa kokhalitsa, ndipo pa mitundu ya fayiba wogula imene anaiunika, psyllium ndi amene anaoneka kuti amathandizadi. Sagwira ntchito pompopompo. Amatenga pakati pa maola 12 ndi masiku 3, ndipo amene akufuna zotsatira m'mawa womwewo amakhumudwa n'kuwonjezera masupuni, chimene ndi chiyambi cha mavuto.

Pali nthenda ina imene madokotala amaitcha IBS, ya anthu amene mimba imawapota, kutupa, lero kudzimbidwa mawa kutsegula, koma akapimidwa sipapezeka chilonda kapena kachilombo. Mu 2009 magazini ya madokotala ya BMJ inafalitsa kafukufuku wa ku Netherlands wa odwala 275. Anawagawa patatu: ena ankamwa magalamu 10 a psyllium patsiku, ena magalamu 10 a gaga wa tirigu, ena ufa wa mpunga wongoyerekezera. M'mwezi woyamba, 57 mwa 100 alionse a gulu la psyllium anapeza bwino, poyerekeza ndi 35 a gulu la ufa wa mpunga. Gulu la gaga ndi limene anthu ambiri anasiyira panjira, chifukwa mimba zinkawapweteka kwambiri kuposa kale. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa amene amaganiza kuti fayiba aliyense ndi yemweyo. Kwa munthu wa matumbo osachedwa kukwiya, wokhakhala uja akhoza kuwonjezera moto.

Ulenda womwewo umagwiranso ntchito kumtunda, m'matumbo aang'ono. Umakola ndulu imene chiwindi chimatsanulira m'chakudya n'kutuluka nayo, ndipo chiwindi popanga ndulu ina chimatapa kolesterolo wa m'magazi. Mu 1998 bungwe loona za zakudya ndi mankhwala la FDA ku America linalola ogulitsa kulemba kuti magalamu 7 a fayiba wosungunuka wa psyllium patsiku, omwe ndi pafupifupi magalamu 10 a makoko, angachepetse chiopsezo cha matenda a mtima ngati munthu akupewanso zamafuta. Kafukufuku wa mu 2000 amene anasonkhanitsa zoyesa zingapo anapeza kuti kolesterolo woipa, LDL, amatsika ndi pafupifupi 7 peresenti. N'kutsika kwenikweni, koma n'kochepa poyerekeza ndi mapilitsi a kuchipatala. Pa shuga, kumwa psyllium musanadye kumachedwetsa kulowa kwa shuga m'magazi, ndipo odwala shuga wa akuluakulu amaona kusintha. Amene angataye mapilitsi ake a shuga a metformin chifukwa cha zimenezi akudziika pangozi. Za kuonda, zimene zinachititsa kuti pa TikTok amutche Ozempic wa osauka pomufanizira ndi jakisoni woondetsa wa dzina limenelo, zilipo pang'ono chabe: munthu amakhuta msanga, sikelo imasuntha pang'ono, basi. Zoti m'matumbo muli zonyansa za zaka zambiri zomatirira zofunika kuzitsuka ndi nkhambakamwa ya amalonda. Ndi bwinonso kukumbukira kuti kafukufuku wambiri wa psyllium analipiridwa ndi makampani amene amamugulitsa, ndipo n'chifukwa chake zoyesa zodziimira pazokha ngati ya ku Netherlands ija zili ndi kulemera kwake.

Tsopano madzi. Apa ndi pamene wolemba nkhani ino akuona kuti otsatsa malonda amalakwira anthu, chifukwa amathamangira kutamanda n'kuiwala kuchenjeza. Supuni iliyonse ya psyllium imafuna kapu yodzaza, mamililita osachepera 150 malinga ndi malangizo a ku Britain, 240 malinga ndi a ku America, ndipo munthu amwe nthawi yomweyo asanalimbe, kenako apitirize kumwa madzi tsiku lonse. Wobwira ufawu wouma akhoza kutsamwidwa, chifukwa umatupira pakhosi. Womwa ndi madzi ochepa akhoza kuumba chibuma m'matumbo. Samwedwa munthu akupita kukagona. Mlimi amene wakhala akusosa m'munda dzuwa la Okutobala lili pamutu, thukuta lili kamukamu, chigubu cha madzi chili kutali, si munthu woyambira masupuni atatu. Poyamba ndi theka la supuni yaing'ono kapena imodzi patsiku, n'kumawonjezera pang'onopang'ono pakapita masiku, chifukwa mimba imayamba yadandaula ndi mpweya isanazolowere.

Ulenda umene umakola ndulu ukhozanso kukola mankhwala. Amene amamwa mapilitsi tsiku ndi tsiku, kaya a khunyu monga carbamazepine, a mtima, a chithokomiro, owonjezera magazi kapena ma ARV, asiyanitse ndi maola 2 ndipo auze a kuchipatala. Wa shuga amene amabaya insulin ayenera kuyang'anira shuga wake kuti asatsike mopitirira. Mwana wosakwana zaka 6 sapatsidwa popanda dokotala. Wodwala wogonera amene akumeza movutikira, kapena amene wadzimbidwa chifukwa cha mankhwala opha ululu monga morphine ndi tramadol, amafuna mankhwala a mtundu wina. Ndipo mwana kapena wamkulu amene akutsegula m'mimba kwambiri, makamaka nyengo ya kolera ngati ija inavuta Zambia kuyambira kumapeto kwa 2023, chomupulumutsa ndi madzi a ORS ndi chipatala, osati makoko.

Chenjezo lalikulu koposa likukhudza dera lino mwachindunji. M'maiko ambiri a kuno ku Africa muli vuto la thumbo lalikulu kupotana, limene madokotala amalitcha sigmoid volvulus. Ku Ulaya silichuluka, koma ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe ndi m'zipatala za ku Zambia lili m'gulu la zifukwa zazikulu zimene anthu, makamaka abambo, amawachitira opaleshoni ya matumbo otsekeka. Limayamba ngati kudzimbidwa wamba. Kenako mimba imatupa n'kulimba, chimbudzi chimaima, ngakhale mpweya sutuluka, ululu umabwera mokoka, ndipo ena amasanza. Munthu wotere akamwa psyllium, kapena mankhwala alionse otsegula m'mimba, a m'sitolo kapena a zitsamba, akuthira katundu pamsewu wotsekeka. Thumbo lopotana limasowa magazi ndipo limatha kufa m'maola owerengeka. Wa zizindikiro zimenezi malo ake ndi St Francis' Hospital ku Katete, Nyanje Mission Hospital ku Sinda kapena Chipata Central Hospital, tsiku lomwelo, ngakhale pafunike kubwereka njinga yamoto usiku. Momwemonso magazi m'chimbudzi, kuonda kosadziwika chifukwa chake, kuchepa magazi, kapena kusintha kwa kachitidwe ka chimbudzi kwa milungu ingapo mwa munthu wamkulu, zimafuna kupimidwa. Anthu ambiri amangoti ndi mudzi n'kukhala chete. Psyllium amathandizadi wa mudzi pofewetsa chimbudzi kuti asamadzikakamize, koma khansa ya m'matumbo nayonso imayamba ndi magazi omwewo.

Chodabwitsa pa nkhani yonseyi n'chakuti nzeru ya fayiba azungu anaiphunzira ku Africa. Denis Burkitt, dokotala wa opaleshoni wa ku Ireland amene anagwira ntchito ku Uganda kuyambira mu 1946, yemwe uja dzina lake linapatsidwa khansa ya ana yotupitsa nsagwada, anaona kuti matenda amene ankadzaza zipatala za ku Britain, monga khansa ya thumbo lalikulu, apendikisi ndi timatumba ta m'matumbo, ankasowa pakati pa anthu a m'midzi. Mu 1972 iye ndi anzake, Alexander Walker wa ku South Africa ndi Neil Painter, anafalitsa m'magazini ya The Lancet zimene anapeza atayeza chimbudzi cha anthu pasikelo. Anthu a m'midzi ya ku Uganda ankatulutsa magalamu oposa 400 patsiku, chakudya chikuyenda m'thupi pafupifupi tsiku limodzi ndi theka. Angelezi odya buledi woyera ankatulutsa magalamu ongopitirira 100, ndipo chakudya chinkakhala m'thupi masiku oposa 3. Burkitt anapitirira muyeso pa matenda ena, koma phata la mfundo yake linaima. Mu 2019 kafukufuku wamkulu wolamulidwa ndi World Health Organization anasonyeza kuti odya fayiba wambiri, magalamu 25 mpaka 29 patsiku, amafa mocheperapo ndi 15 mpaka 30 peresenti poyerekeza ndi odya wochepa, ndipo mu 2023 bungwelo linalangiza kuti wamkulu aliyense azidya magalamu osachepera 25. Fayiba wa m'kafukufukuyu anali wa m'zakudya, osati wa m'botolo.

Mu 2015 panatulukanso zotsatira za kafukufuku wina. Gulu lotsogoleredwa ndi Stephen O'Keefe linatenga anthu akuda 20 a ku Pittsburgh ku America ndi anthu 20 a m'midzi ya ku KwaZulu-Natal n'kuwasinthanitsa zakudya kwa milungu iwiri yokha. Aku America aja atadya chimanga, nyemba ndi masamba, zizindikiro za m'matumbo zokhudzana ndi khansa zinatsika. Akumudzi aja atadya zamafuta ndi nyama za ku America, zizindikiro zomwezo zinakwera.

Nanga ku Mkaika fayiba amapita kuti? Aliyense wokulira kuno amaidziwa njira yake. Chimanga chimakonoledwa mumtondo kapena pachigayo, mayi amapeta ndi lichero, gaga amagwera pambali, mphale imaviikidwa masiku angapo, imayanikidwa pamphasa, kenako imakagayitsidwa kukhala ufa woyera mbee. Gaga uja, amene muli khungu la chimanga ndi kamtima kake kamafuta, amapita kwa nkhumba, kwa nkhuku ndi kwa ophika kachasu. M'tauni nkhani ndi yomweyo, kungoti mayina a ufawo ndi bulekifasiti ndi rola. Nsima yoyera ndi ulemu. Ndi imene amaphikira mlendo ndi apongozi, pamene mgaiwa anthu ambiri amaukumbukira ndi sukulu zogonera konko ndi zaka za njala. Palibe chifukwa chonyozera amayi amene amathera masiku pa ntchito yoyeretsa ufa, pakuti akuchita zimene anaphunzitsidwa kuti ndiye kusamala banja. Koma masamu ake ndi awa: ufa wa chimanga chosakonola uli ndi magalamu 7 a fayiba pa magalamu 100 alionse, ndipo wokonola umatsala ndi theka kapena kucheperapo. Munthu wodya nsima yophikidwa ndi magalamu 300 a ufa wa mgaiwa patsiku wapeza kale magalamu oposa 20. Timapaketi tiwiri ta psyllium, mlingo wa tsiku wa munthu wamkulu, tili ndi magalamu 7 a makoko.

Ndiwo zake ziliponso zambiri. Nyemba zophika zili ndi magalamu 6 kapena kuposerapo pa 100 alionse, mtedza magalamu 8, gwafa 5, mbatata 3, makamaka ikadyedwa ndi khungu. Pali khobwe, nzama, nandolo, bonongwe, chisoso, khwanya, chigwada, kholowa, nkhwani wotendera, ndi mfutso wosungira chilimwe. Malambe ndiye odzaza fayiba, pafupifupi theka la ufa wake, ndipo wambiri mwa iye ndi wosungunuka. Therere lobala, denje ndi chewe zili ndi ulenda wawo, ngakhale palibe amene anganene kuti mbale ya therere ikufanana mphamvu ndi mlingo woyezedwa wa psyllium. Ngakhale zili choncho, kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa mu 2017 anapeza kuti pafupifupi 9 mwa akuluakulu 10 alionse ku Zambia sadya zipatso ndi masamba okwanira. Umphawi uli ndi mbali yake, nyengo ili ndi mbali yake, ndipo chilala cha 2024 chimene boma linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko chinaonetsa mmene dimba limafera madzi akauma. Koma mbali ina ndi kukonda: banzi ndi chakumwa cha m'botolo zikuoneka zapamwamba kuposa mbatata yootcha ndi thobwa.

Komabe kutamanda mgaiwa osanena za chuku n'kunamiza anthu. Chimanga chosauma bwino kapena chosungidwa ponyowa chimagwidwa ndi chuku chotulutsa poizoni wa aflatoxin ndi fumonisin, ndipo poizoniyu amachuluka kukhungu ndi m'njere zowola. Kukonola, kupeta ndi kuviika kumachotsa gawo lalikulu, kutanthauza kuti mwambo wa ufa woyera wakhala ukuteteza mabanja mosadziwa. Mu Ogasiti 2024 unduna wa zaumoyo ku Zambia unalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa ndi chakudya cha chimanga chokhala ndi aflatoxin, ndipo mitundu ina ya ufa inachotsedwa pamsika. Choncho wofuna mgaiwa ayambire kunkhokwe: chimanga chiume gwa, njere zowola, zofumbwa ndi zosintha mtundu zisankhidwe n'kutayidwa zisanafike kuchigayo, ndipo ufa ugayitsidwe wochepa chifukwa mgaiwa suchedwa kuwawa. Mabanja ena amasakaniza theka ndi theka, ndipo ana amazolowera osadandaula. Gaga wongotola pachigayo, wosadziwika chimanga chake, si wothira m'phala la mwana.

Ndiye psyllium ndi wa ndani? Ndi wa munthu amene wayesa kusintha mbale, akumwa madzi, akuyenda, koma chimbudzi chikadali chouma. Ndi wa munthu wa IBS amene nyemba ndi gaga zimamutupitsa. Ndi wa amene ali ndi mudzi kapena kachilonda ka kotulukira chimbudzi, ndi wa amene adokotala amuuza kuti kolesterolo wakwera pang'ono. Mayi woyembekezera angamwe, chifukwa salowa m'magazi, koma ayambe wafunsa anamwino a kusikelo ndipo asasiye mapilitsi a magazi chifukwa cha kudzimbidwa. Wogula apite ku famase yolembetsedwa ndi Zambia Medicines Regulatory Authority, awerenge chikalata cha pabotolo, ndipo asankhe makoko okhaokha. Mitundu ina ya ufa ndi tiyi wotchedwa wotsuka m'mimba amasakanizamo senna, chitsamba chofinya matumbo, chimene chimapotetsa m'mimba ndipo si chomwa miyezi yambiri. Ina amathiramo shuga wambiri kuti ikome, zimene wodwala shuga ayenera kuziona asanalipire. Pakatha milungu iwiri kapena itatu popanda kusintha, botolo lachiwiri lisagulidwe munthuyo asanakaonane ndi a chipatala.